Magetsi ochokera m'matope a kudambo: zoona kapena za pa Facebook?

Amake Dalitso, Kapata:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Funso langa likupita kwa aphunzitsi ndi inu odziwa zamagetsi. Mwana wanga wa giredi 9 wabwera ndi nkhani yoti akufuna kupanga magetsi ndi matope a kudambo, apite nazo ku chionetsero cha sayansi cha ana asukulu cha JETS. Akuti m'matopemo muli tizilombo totulutsa magetsi. Wandilembera ndowa zinayi, makala, waya ndi mabatire akutha. Ine ndikuona ngati akufuna kungondidetsera khonde. Zimenezi zilipodi?

Wakabaza wa ku Mchini:
Amayi, matope akanakhala ndi malaiti bwenzi ife a ku Mchini tili mabwana. Mvula ikagwa timapalasa njinga m'malaiti ofika m'maondo 😂

Aphunzitsi a Sayansi, Katete:
Zilipodi amayi, musamukalipire mwanayo. Dzina lake m'mabuku ndi microbial fuel cell, kutanthauza selo, kapena tinene kabatire, koyendetsedwa ndi mabakiteriya, ndipo amene akufuna kupanga iyeyo ndi mtundu wosavuta kuposa yonse.

Nkhani yake ili motere. Chamoyo chilichonse chikadya, thupi limaphwanya chakudyacho n'kuchotsamo ma elekitironi, tinthu tosaoneka ndi maso tonyamula magetsi, ndipo ma elekitironiwo amafuna kokawatula. Ife anthu timawatulira pa okosijeni amene timapuma. Koma pansi pa matope akuda a kudambo okosijeni kulibe. Ndiye kuli mabakiteriya ena amene amatulutsa ma elekitironi kunja kwa thupi lawo n'kuwatulira pa dzimbiri lachitsulo lopezeka m'dothi. Mukawakwiririra khala kapena graphite (chakuda chija cha m'kati mwa pensulo) m'matopemo, amamatirira pamenepo n'kuyamba kutulira pa khalalo. Mukalumikiza waya kuchoka pa khala lapansilo kufika pa khala lina loyandama pamwamba pa madzi, pomwe pali mpweya, ma elekitironi amakwera kudzera m'wayamo kukakumana ndi okosijeni, ndipo chotsalira chake ndi madzi basi. Kuyenda kwawo m'wayamo ndiye magetsiwo. Chakudya chawo ndi masamba, mizu ndi zinyalala zoola zomwe zili kale m'matope.

Amake Dalitso, Kapata:
Ha! Zikomo aphunzitsi. Ndiye tikapanga ndowa zambirimbiri sitingayatse nyumba yonse? Makandulo atitopetsa.

Wamawaya wa ku Down Shops:
Pamenepo ndiye ndilowererepo asisi, musanagule ndowa zonse za pamsika wa Kapata. Ndowa imodzi mukaiyeza ndi multimeter, kachipangizo koyezera magetsi, imasonyeza pakati pa mavolti 0.3 ndi 0.8, ndipo apo n'kuti simunalumikize kanthu. Ngakhale papepala, zonse zitayenda bwino, siipitirira kwambiri volti 1.1. Batire limodzi la tochi ndi mavolti 1.5. Koma vuto lenileni si mavolti, ndi mphamvu. Ndowa yopanga pakhomo imapereka zochepera milliwatt imodzi (ma milliwatt 1,000 ndiye wati imodzi), nthawi zambiri zochepera kwambiri. Tiyeni tiikomere mtima tinene kuti ikupereka milliwatt yathunthu. Batire la foni yaikuluko limasunga pafupifupi ma watt-hour 15. Gawani nokha: maola 15,000, omwe ndi masiku 625. Foni imodzi, kamodzi kokha. Babu la mawati 5 lingafune ndowa 5,000. Kasola ka mawati 20 kamene timagulitsa m'mashopu muno kamapanga mphamvu ya foni imeneyo m'kanthawi ka pafupifupi ola limodzi dzuwa likamawala bwino.

Wakabaza wa ku Mchini:
Masiku 625! Pofika kudzaza, amene umafuna kumuimbira wakwatiwa kale.

Mwana wa pa UNZA:
Amalume a Wamawaya sakunama, masamuwo ali bwino. Koma tisaipeputse nkhaniyi ngati yongotulukira dzulo pa TikTok. Woyamba kulemba za izi anali M. C. Potter, katswiri wa zomera wa pa yunivesite ya Durham ku England, mu 1911. Iye anagwiritsa ntchito isiti ndi mabakiteriya a E. coli. Mu 1931 Barnett Cohen analumikiza timaselo tambiri n'kupeza mavolti 35, koma pa ma milliamp 2 okha, ndiye kuti ma amp 0.002. Kenako nkhaniyo inakhala ngati yagona kwa zaka zambiri. Inadzuka pamene Derek Lovley anapeza mabakiteriya otchedwa Geobacter m'matope a mtsinje wa Potomac ku America mu 1987, ndiye chaka chotsatira kunapezekanso Shewanella oneidensis m'nyanja ya Oneida ku New York. Awiri amenewa ndiwo odziwika kwambiri potha kupereka ma elekitironi ku chinthu cholimba popanda kuwathirira mankhwala owathandiza. Geobacter amapezeka m'matope opanda mpweya pafupifupi kulikonse, moti ngakhale m'mbali mwa Lunkhwakwa kapena ku damu la Lutembwe abale ake sangasowe.

Wamawaya wa ku Down Shops:
Mphwanga, chulukitsa za Cohen wakoyo: 35 kuchulukitsa ndi 0.002 ndi mawati 0.07. Zaka zopitirira 90 zapita, ndipo sindinaonepo munthu akuphika nsima ndi mabakiteriya.

Mwana wa pa UNZA:
Palibe wanena za nsima amalume. Ntchito zake ndi zina, ndibwera nazo.

Mlimi wa Dimba, Chadiza:
Pepani kudula pakamwa. Ine ndinaona kanema munthu atazika msomali ndi kachidutswa ka kopa m'makapu a dothi, n'kuyatsa kababu nthawi yomweyo. Sanadikire tsiku ndi limodzi lomwe. Si zomwezi? Ngati ndi choncho mwanayo asavutike ndi makala, misomali yamalata ili mbwee.

Aphunzitsi a Sayansi, Katete:
Bambo a ku Chadiza, mwafunsa funso limene limagwetsa ana ambiri pa zionetsero, ndiye mundilole ndikhalepo pang'ono.

Zimene munaonazo si mabakiteriya ayi. Msomali wamalata ndi wokutidwa ndi zinki. Zinki ndi kopa mukaziika m'chinthu chilichonse chonyowa chokhala ndi timchere, kaya ndi dothi, ndimu, mbatata kapena madzi amchere, zimapanga batire. Magetsiwo akuchokera m'kudyeka kwa zinkiyo. Msomali ukatha, zathera pomwepo. Mphamvuyo inaikidwamo ku fakitale pamene ankayenga zinki, inu mukungoibweza. Dothi langokhala njira.

Chosiyanitsa n'chosavuta. Pa batire la misomali, multimeter imasonyeza nambala yaikulu pompopompo, kenako imatsika pang'onopang'ono. Pa selo ya mabakiteriya, tsiku loyamba mumaona pafupifupi ziro, mwina nambala yongosinthasintha, ndiye imayamba kukwera patapita masiku, n'kukhazikika pakatha sabata imodzi kapena ziwiri, nthawi zina kupitirira, pamene tizilomboto taswana n'kukuta khala lapansi. Ndiye chifukwa chake mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala za kaboni: khala ndi khala, kapena graphite ndi graphite. Zikakhala zofanana palibe angatsutse kuti ndi zitsulo zikudyeka.

Ine ndikanakhala woweruza, mwana wondibweretsera babu loyaka ndi misomali n'kunena kuti ndi tizilombo ndikanamupatsa zochepa kusiyana ndi mwana wobwera ndi mavolti 0.4 okha koma ali ndi kope losonyeza mmene nambala inakwerera tsiku ndi tsiku.

Mlimi wa Dimba, Chadiza:
Oho. Ndiye ambiri a m'makanemawa akutidyera data yathu chabe.

Amake Dalitso, Kapata:
Aphunzitsi, tilembereni bwinobwino kapangidwe kake, ndimuonetse akaweruka. Nanga mabatire akuthawo ndi a chiyani?

Aphunzitsi a Sayansi, Katete:
Mabatirewo akufuna kamtengo kakuda kapakati. M'mabatire akuluakulu a wailesi, monga a Tiger Head, muli kandodo ka kaboni. Achotse atavala magulovu, akatsuke bwino, ndipo phala lakudalo lisatayidwe pomwe nkhuku kapena ana angafike. Asatsegule mabatire a alkaline kapena a foni, amenewo mulibe kandodoko ndipo a foni amatha kuyaka moto.

Matope akatenge akuda, onunkha ngati dzira loola, a pansi ndithu osati apamwamba ouma. Achotse miyala ndi timitengo. Aike matope pang'ono pansi pa ndowa ya pulasitiki, agoneke kandodo kaja atakazinga ndi makala ophwanya kuti malo omatirira tizilombo achuluke, ndiye akwirire ndi matope ena okwana masentimita 8 mpaka 10, akutsendera kuti musatsale mpweya. Pamwamba athire madzi a kudambo komweko, osati a pampopi chifukwa klorini amapha mabakiteriya. Khala lachiwiri likhale pamwamba, theka m'madzi theka pamphepo. Awiriwa asakhudzane.

Pomwe waya wakumana ndi kaboni amate ndi guluu wolimba wosalowa madzi. Kopa akakhala pamtunda m'matope amachita dzimbiri, amasokoneza muyezo, komanso ndi poizoni kwa mabakiteriya.

Ndowa ina apange chimodzimodzi koma ndi matope owiritsa mumphika wakale. Imeneyo ndiyo mboni yake. Ngati ya matope amoyo ikukwera pamene yowiritsayo ikutsalira kutali m'masiku oyamba, wasonyeza kuti ndi zamoyo zikugwira ntchito.

Wamawaya wa ku Down Shops:
Ndionjezere ziwiri. Asasiye mawaya ali pululu osalumikiza kanthu. Aike resistor (kachida kochepetsa kuyenda kwa magetsi) ya ma ohm 1,000 pakati, tizilombo tizolowere kutumiza magetsi, ndipo ayeze mavolti pa resistor pomwepo kuti athe kuwerengera mphamvu yeniyeni. Mawailesi akufa ali ndi ma resistor ambiri, osagula.

Chachiwiri, LED (kababu kakang'ono) yofiira imafuna pafupifupi mavolti 1.8, yoyera pafupifupi 3. Ndowa imodzi siingayatse. Akalumikiza zinayi motsatizana, iliyonse ikhale ndi matope ndi madzi akeake, apo ayi zimadyana. Ndipo imodzi ikafooka imatha kutembenuka n'kuyamba kukoka zinzake pansi. Njira yabwino n'kusonkhanitsa magetsiwo mu capacitor, kachida kosunga magetsi kwakanthawi, kuti LED izingophethira pakapita kanthawi. Kuphethirako pa tebulo la chionetsero kumakwanira.

Wakabaza wa ku Mchini:
Amalume munayamba ndi kutsutsa, pano ndinu injiniya wamkulu wa matope.

Wamawaya wa ku Down Shops:
Ndikutsutsabe zoyatsa nyumba. Za mwana wasukulu ndi nkhani ina.

Mwana wa pa UNZA:
Ndinalonjeza ntchito zake. Imene ine imandikoka mtima ndi ya mkodzo. Ku Bristol ku England, gulu la Ioannis Ieropoulos la pa University of the West of England linaonetsa mu 2013 kuti mkodzo wodutsa m'timaselo totere ungathe kuika moto pang'ono mu foni, wokwana kutumiza uthenga ndi kuimba mwachidule. Mu 2015 anamanga pokodzera poyesera pa yunivesite yawo mogwirizana ndi Oxfam, n'kukayesanso pa chikondwerero cha Glastonbury. Mu 2017 anakaika pa sukulu ya atsikana yogonera konko ku Kisoro, ku Uganda, kuti muziwala m'zimbudzi usiku. Ndalama zambiri za kafukufukuyu zinachokera ku Bill & Melinda Gates Foundation.

Chochititsa chidwi n'choti m'malo mwa nembanemba yodula ya m'malabu, iwo anagwiritsa ntchito timachubu ta dongo lootcha. Ku India akatswiri ena anayesa ndi miphika yadothi wamba. Dongo limalola ma ion (tinthu tonyamula magetsi m'madzi) kudutsa koma limalekanitsa mbali ziwiri za selo. Amayi oumba mbiya kwathu kuno luso limenelo ali nalo kale m'manja.

Onani kusiyana kwake ndi ndowa ya Dalitso. Uko kuli timaselo tating'onoting'ono tambirimbiri, chakudya chikulowa tsiku lililonse popeza sukulu ya ana mazana siisowa mkodzo, ndipo chofunika ndi kuwala kochepa chabe kwa LED. Mtsikana wopita kuchimbudzi pakati pa usiku safuna mawati 100.

Anamwino Opuma, Kalongwezi:
Mwanawe, zimenezo n'zabwino kuwerenga, koma ndikupempha kuti pasapezeke mwana wapagulu pano wosewera ndi za m'chimbudzi. Taiwala kale kolera wa 2023 mpaka 2024, pamene bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka chipatala ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa? Ngakhale matope a Lunkhwakwa amene mwatchulawo, mtsinje wodutsa m'tauni umanyamula zambiri. Amake Dalitso, mwana akatenge matope kudambo lakutali ndi nyumba za anthu, avale majombo chifukwa cha likodzo, asambe m'manja ndi sopo, ndipo ndowazo zisadzabwererenso kukhitchini. Madzi apamwambawo aphimbe ndi kaneti, apo ayi mukuweta udzudzu pakhonde.

Amake Dalitso, Kapata:
Zamveka amayi. Za mkodzozo pakhomo panga ayi, angachite kuwina bwanji.

Mwana wa pa UNZA:
Amayi anamwino, ndikugwirizana nanu pa za ana. Ndingoti cholinga cha akatswiri ambiri a ntchitoyi ndi chomwecho cha ukhondo. Bruce Logan wa ku Penn State University wakhala zaka zambiri akufufuza zogwiritsa ntchito maselowa poyeretsa madzi oipa. Malo oyeretsera zonyansa za m'tauni amadya magetsi ambiri popopera mpweya m'madzi kuti mabakiteriya adye zonyansazo. Apa mabakiteriya akudya popanda kuwapopera mpweya, n'kubwezako kamagetsi pang'ono. Phindu lalikulu lili pa magetsi amene simunawononge, osati amene mwapanga. Ku Australia anayesapo mu 2007 pa fakitale ya mowa ya Foster's ndi madzi otsalira pofulula. Chovuta mpaka lero n'choti ukakulitsa selo, mphamvu siikula mofanana, ndipo zipangizo zimakwera mtengo.

Agogo a ku Feni:
Ine ndawerenga zonse mwakachetechete. Funso langa ndi la ng'ombe. Khola langa limatulutsa ndowe zoti ngolo imatopa. Kodi ndowe sizingapose matope? Ndikufuna kuwala m'nyumba ndi pophikira, nkhuni zatha m'mapiri.

Aphunzitsi a Sayansi, Katete:
Agogo, kwa inu yankho si ili tikukambali. Ndowe zingadyetse selo ndithu, koma mungapeze kuphethira kwa LED basi. Ndowe zomwezo mukaziika m'dzenje la biogas, tizilombo tamtundu wina timazisandutsa gasi wa methane amene amayaka pachitofu, ndipo zotsalira zake ndi manyowa abwino a kudimba. Ng'ombe zochepa chabe zogona m'khola zimatha kupereka gasi wophikira banja, bola madzi osakanizira akhale pafupi. Zimenezo zikugwira kale ntchito m'midzi ya m'Zambia muno. Kuwala, gulani kasola. Ndikadakhala inu sindikanataya ngwee pa maselo a mabakiteriya.

Agogo a ku Feni:
Zikomo mwana wanga. Ndidzafunsa alangizi a zaulimi za dzenjelo.

Mayi wa Saluni, Navutika:
Ine zonsezi zikungondiwawitsa mtima. Mu 2024 tinkakhala tsiku lathunthu opanda malaiti, makasitomala n'kumabwerera ndi tsitsi lonyowa. Ndiye mukatiuza kuti matope ali ndi magetsi, kenako n'kuti koma sangayatse ngakhale babu, phindu lake n'chiyani kwa ife?

Wamawaya wa ku Down Shops:
Kwa draya yanu palibe phindu asisi, tisanamizane. Draya imodzi imadya mawati opitirira 1,000. Vuto la 2024 linali la mvula: magetsi opitirira 80 peresenti a dziko lino amachokera ku madzi, chilala chinalengezedwa kukhala tsoka la dziko mu February chaka chimenecho, ndipo Kariba North Bank, imene ili ndi makina a ma megawatt 1,080, inatsala pang'ono kuimiratu. Dzenje lalikulu chotero limakwiriridwa ndi minda ya sola, osati ndowa. Ndipo ndichenjeze: akadzabwera wina ndi kabokosi akuti "jenereta ya tizilombo" yoyendetsa TV ndi filiji, mutsegule. Mupeza batire mkati.

Mwana wa pa UNZA:
Pomwe amapambana ndi pamene pakufunika kamphamvu kochepetsetsa kwa nthawi yaitali, pamalo oti munthu sangapiteko kukasintha batire. Asilikali apamadzi a ku America anayendetsapo kachipangizo koyeza nyengo koyandama pamadzi ndi maselo okwiriridwa m'matope apansi. Ganizani kachipangizo koyeza kuchuluka kwa madzi m'damu kapena chinyezi kudimba, kongodzuka kamodzi pa ola n'kutumiza nambala. Usiku, mitambo, fumbi pa galasi, zonsezo sizikakhudza. Ndipo selo yomweyo ikhoza kukhala choyezera: poizoni akalowa m'madzi, mabakiteriya amafooka, magetsi n'kutsika, munthu n'kudziwa.

Mlimi wa Dimba, Chadiza:
Apo ndiye mwandigwira. Nanga ngati mankhwala ophera tizilombo a m'tomato akutsikira m'dambo, ndowa yoteroyo ingaonetse?

Aphunzitsi a Sayansi, Katete:
Siingakuuzeni dzina la mankhwala kapena muyezo wake. Koma ngati funso la mwana wasukulu ndi labwino kwambiri. Ndowa ziwiri zokhazikika, ina muithire madzi oyera a kudambo, ina madzi ochokera kumunsi kwa dimba lopoperedwa, muone ngati nambala zisiyana. Angayesenso kudyetsa: ina madzi otsukira mpunga, ina kashuga pang'ono, ina osaipatsa kanthu. Asathire shuga wambiri, matope amasasa ndipo magetsi amagwa. Kutentha nakonso kumasintha zinthu, mu June nambala zimakhala zotsika kusiyana ndi mu October, choncho azilemba nthawi imene wayeza.

Wa Mpunga, Chama:
Ndalowa mochedwa. Kuno minda yathu imakhala m'madzi miyezi ingapo, matope ake ndi akuda bii. Mwati pamafunika malo opanda mpweya ndi zoola. Si munda wa mpunga umenewo?

Mwana wa pa UNZA:
Ndi womwewo achimwene. Mpunga umatulutsa timadzi tashuga kudzera m'mizu, mabakiteriya amadya zimenezo, moti simufunika kuwadyetsa. Ku Japan anayesa m'minda ya mpunga, ndipo ku Netherlands kuli kampani ya Plant-e, yochokera ku yunivesite ya Wageningen, imene yakhala ikupanga timagetsi ta LED ndi zoyezera pogwiritsa ntchito zomera za m'madambo. Mbewuyo siionongeka. Koma mphamvu pa sikweya mita ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi sola ya kukula komweko, ndipo munda ukauma mpweya umalowa m'dothi, magetsi n'kutha mpaka madzi abwerere.

Wa Mpunga, Chama:
Nanga polima? Khasu silidula mawayawo?

Wamawaya wa ku Down Shops:
Lidula. Ndipo khasu likawasiya, akuba kopa sawasiya. Yesani kaye pakangodya kamodzi ka munda pafupi ndi msasa, mukwirire makala m'kathumba ka neti yakale kuti mudzathe kuzula nthawi yokolola.

Woyang'anira Gulu:
Amene mukufuna kuyesa, tumizani zithunzi za multimeter pansi pa uthenga uno, mutchule komwe mwatenga matope ndi zimene mwaika mbali zonse ziwiri. Zamisomali ndi kopa tizichotsa.

Wa Mpunga, Chama:
Kuno multimeter ndi ya wokonza mawailesi wa pa boma yekha, ndikamunyengerere andibwereke. Madzi akayamba kudzaza m'munda mu January ndikwirira thumba loyamba.